Nyumba ya mabelo yasanduka malo a atelala 36 ku Graniteside: lipoti la ntchito yathu

Ndine mmisiri wa zomangamanga, wobadwira ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata, kudzera ku Tete, monga ankachitira anthu ambiri a nthawi yawo. Ntchito yanga yambiri masiku ano ndi yokonza nyumba zakale kuti zigwire ntchito imene eni ake oyamba sanaiganizirepo. Lipoti ili ndi la nyumba imodzi ya ku Graniteside, dera la mafakitale mu Harare, ndipo ndalilemba chifukwa anzathu ambiri, a m'mipingo ndi a m'mabungwe a maliro, akuchita lendi nyumba ngati imeneyi popanda wowauza zoyenera kuyang'ana asanasaine.

Amene anatiitana

Anandiitana ndi atelala a m'bungwe lina la maliro la anthu akumudzi ku Mbare, dera lakale la mu Harare. Mabungwe otere ndi akale pakati pathu. Makolo athu ochokera ku Nyasaland ankasonkherana mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akatisiya kuno kuchilendo aikidwe mwaulemu, ndipo utelala ndi imodzi mwa ntchito zomwe anabwera nazo n'kuphunzitsa ana awo. Atelala a m'bungweli ankasokera pakhonde, ena m'chipinda chomwe amagonamo ku nyumba zosanja za Matapi, ena kuseri kwa nyumba za eni. Achikulire mwa iwo sanaiwale chaka cha 2005, pamene boma, pa ntchito yomwe linaitcha Murambatsvina, linagwetsa timashopu ndi tinyumba tosavomerezeka, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Choncho atamva kuti pali nyumba ya njerwa, yokhala ndi mapepala ake, yofikika wapansi kuchokera ku Mbare, mitima inali m'mwamba.

Nyumba zotere zilipo zambiri ku Graniteside, Workington ndi Southerton. Mafakitale a nsalu ndi zovala anayamba kufooka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malire atatsegukira katundu wakunja, kaunjika wa kumsika wa Mupedzanhamo anawonjezera, ndipo kugwa kwa ndalama mu 2008 kunatseka ambiri mwa otsala. M'kati mwa tauni nazo zinthu zasintha. Maofesi akusamukira m'nyumba zogona za ku Eastlea, Milton Park ndi Belgravia, pomwe masitolo akuluakulu akale kumunsi kwa Robert Mugabe Road ndi Chinhoyi Street awadula tizipinda ting'onoting'ono ta matabwa ndi magalasi. Atelala athu anali ataona tizipindato, ndipo ndi chithunzi chimenecho chomwe anabwera nacho kwa ine.

Zomwe tinapeza

Nyumbayi ndi ya mamita 36 m'litali ndi mamita 15 m'lifupi, makoma a njerwa ziwiri, okwera mamita 5. Kale inkasunga mabelo a nsalu. Pansi pali konkire yokhuthala imene inkapirira ngolo zonyamula katundu, ndipo sinang'ambike paliponse kupatula pafupi ndi khomo. Denga ndi la asibesitosi, logona pa zitsulo. Kutsogolo kuli chitseko chachikulu chokweza m'mwamba ndi kakhomo kamodzi pambali pake. Mazenera ang'onoang'ono anayi pamwamba, onse omata ndi fumbi. Zimbudzi ziwiri panja, mpopi umodzi.

Ndinatha masiku atatu ndikungoyendera, osagwira pulani. Tinakumba maenje awiri m'mbali mwa khoma kuti tione maziko, tinapala dzimbiri pomwe zitsulo za denga zalowa m'khoma, tinatsegula mabowo onse a suweji n'kuthira madzi kuti tione kumene akupita. Injiniya amene ndimagwira naye ntchito anabwera tsiku lachitatu. Anati makoma ndi pansi n'zolimba kuposa zambiri zomangidwa lero, zitsulo ziwiri zokha ndi zomwe zinadyeka kumapeto chifukwa cha kudontha kwa madzi.

Mwachidule, mafupa a nyumbayi anali abwino. Vuto linali lakuti inamangidwira mabelo. Belo silipuma mpweya, silipita kuchimbudzi, silisita, ndipo moto ukabuka silithamangira kukhomo. Chilichonse chimene tinachita pambuyo pake chinachokera pamenepa.

Malo 70 kapena 36

Komiti inabwera ndi pepala lake lojambula ndi bolopeni: malo 70, lililonse mamita awiri mbali zonse, makoma a matabwa opyapyala kufika m'mwamba, kanjira kamodzi pakati. Ena ankafunanso nsanja pamwamba kuti malo afike 100. Masamu awo anali omveka. Lendi ya nyumba ndi ya madola a ku America, ndipo mukaigawa pa anthu 70 aliyense amapuma.

Ine ndinawerenga kuchokera kwina. Telala sakhala yekha: pamakhala wothandiza, mwina wophunzira, ndiye kasitomala woyesa diresi. Malo 70 ndi anthu oposa 200 pa tsiku lotanganidwa, m'nyumba yodzaza nsalu, siponji ndi ulusi, yokhala ndi potulukira kumbali imodzi. Tinakumana Loweruka masana m'nyumba momwemo, titakhala pa njerwa, ndipo ndinawauza kuti malo 70 achuluka. A tcheyamani, bambo wachikulire amene anasoka masuti zaka zambiri, anandifunsa kuti, "Mwana wanga, amene atsale panja ukawauza ndiwe kapena ine?"

Funso limenelo linandilasa, ndipo sindinaliyankhe ndi pakamwa. Ndinapempha onse amene analipo, anthu ngati 40, kuti apite kumapeto kwa nyumba. Tinatsitsa chitseko chachikulu, monga chimakhalira magetsi akazima kapena kukazizira, tinaika mabenchi awiri kusiya kanjira kofanana ndi ka pa pepala lawo, ndipo ndinati aliyense atuluke msanga pa kakhomo kaja. Amayi ena anapunthwa, anthu anapanikizana pakhomo, ndipo kunali kowala, kopanda utsi, kopanda ana. Titatuluka panalibe wolankhula. Anthu a ku Harare moto wa m'misika amaudziwa. Ku Glen View Area 8, kumene amapanga mipando, wabuka kangapo, ndipo mu Okutobala 2024 unapsereza msika waukulu wa Mbare Musika. Amayi osunga chuma cha bungwe ndi amene anadula nkhani: "A tcheya, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tiyeni timve za amisiri."

Tinagwirizana mizere inayi, uliwonse wa malo 9, lililonse mamita 2.5 ndi mamita 3. Tinjira tiwiri ta mita imodzi ndi theka toyenda m'litali, ndi njira ina yopingasa pakati yopita ku khomo latsopano la m'mbali. Tinaboolanso khomo lachitatu kumbuyo. Zitseko zonse zatsopano zimatsegukira kunja, ndipo lamulo la bungwe ndi lakuti sizikhomedwa ndi loko munthu ali m'kati. Kutsogolo tinasiya mamita 6 a malo oonetsera zovala ndi zipinda ziwiri zoyesera, kumbuyo mamita 5 a tebulo lalikulu lodulira ndi chipinda chositira.

Makoma ogawa malo ndi a njerwa imodzi kufika m'chiuno, pamwamba pake waya wa sefa wolimba amene anatiwotcherera anyamata a ku Siyaso, kumalo a amisiri a zitsulo ku Mbare. Ena anadandaula kuti anzawo aziona masitayilo awo. Ndinawamvetsa, koma khoma lofika m'mwamba limatseka kuwala ndi mpweya, ndipo limabisa moto mpaka utakula. Nsanja tinaikana. Maziko analipo okwanira kunyamula denga ndi makoma, koma nsanja ikanafuna mizati yake, masitepe awiri ndi ndalama zoposa za ntchito yonse.

Otsala panja sanatayidwe. Ena anagwirizana kugawana malo amodzi awiriawiri, ndipo ena amabwera kudzadula ndi kudzasita polipira pang'ono, kusoka n'kumakasokera kwawo. Si onse anakondwa, ndipo mabanja awiri anachoka m'gululi. Zimenezo zimandiwawabe.

Denga, kutentha ndi mpweya

Asibesitosi ali paliponse m'dziko muno, popeza ankakumbidwa konkuno ku Zvishavane ndi Mashava. Akakhala wathunthu, wosasweka, savuta kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake pomudula, pomuboola kapena pomusesa atauma, chifukwa limakhazikika m'mapapo ndipo matenda ake amaoneka patapita zaka zambiri. Ndalama zochotsa denga lonse panalibe. Tinachita chonchi: kumapeto kumodzi, kumene zitsulo ziwiri zija zinadyeka, tinasasula chigawo chonse, titanyowetsa, tikumasula mabawuti osati kuswa, anyamata atavala zotchinga pamphuno zoyenera. Mapepala a asibesitosi athunthu ochokera pamenepo ndi omwe tinatsekera pena paliponse posweka, popeza malata a lero sagwirizana mizere ndi akalewo. Osweka tinawakulunga m'mapulasitiki n'kuwapereka kwa ovomerezeka kutaya zinyalala zoopsa. Chigawo chosasulacho tinafolera ndi malata, pakati pake mapepala oonekera, ndipo chili pamwamba pa tebulo lodulira pomwe kuwala kumafunika kwambiri. Kunsi kwa denga lotsalalo tinapaka penti womata fumbi.

Mnyamata wina anatenga chopukusira kuti adule pepala limodzi lomwe linatalika. Ndinamuletsa asanayatse, ndipo tsiku limenelo ndinaimitsa ntchito ola lathunthu kufotokozera gulu lonse. Ambiri mwa iwo anakulira pansi pa denga lotere ndipo sanauzidwepo.

Za kutentha ndinabwereka nzeru ku Eastgate, nyumba ya m'tauni imene anajambula Mick Pearce ndipo inatsegulidwa mu 1996. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, choncho ngakhale mu Okutobala usiku kumazizirirako. Eastgate imalowetsa mpweya wozizira wa usiku kuti uziziritse konkire, ndipo masana konkireyo imamwa kutentha kwa anthu. Ife tinalibe mafani akuluakulu ngati a kumeneko, koma tinali ndi pansi pokhuthala ndi makoma a njerwa ziwiri. Tinaboola mabowo a mpweya m'munsi mwa makoma aatali, n'kuika mazenera a timapale osatsekeka pamwamba pa makoma a kumapeto. Mpweya wotentha umakwera n'kutuluka, wozizira n'kulowa pansi, usiku wonse. Mwezi woyamba makoswe analowera m'mabowo a m'munsiwo n'kuboola nsalu, ndiye tinabwerera kudzaika sefa wachitsulo. Mu Juni ndi Julayi atelala amatseka ena mwa mabowowo ndi makatoni chifukwa cha chisanu, ndipo ndimawalola, bola achotse Ogasiti akamatha.

Zimbudzi ndi madzi

Apa ndi pamene panapita gawo lalikulu la ndalama, ndipo ndi pamene komiti inavutika kumvetsa, chifukwa paipi yokwiriridwa siioneka. Sindinafunike kulalikira nthawi yaitali. Ambiri mwa iwo amakhala kapena anakhalapo ku Matapi, Nenyere ndi Shawasha, nyumba zomwe atsamunda anamangira amuna osakwatira obwera kudzagwira ntchito, koma lero muli mabanja athunthu. Makoma a nyumba zimenezo akuimabe. Zomwe zinagonja ndi zimbudzi ndi mapaipi. Ndipo palibe wa ku Harare amene anaiwala kolera wa 2008 ndi 2009, amene anadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, kapena wa 2018 amene anayambira ku Glen View ndi Budiriro.

Paipi yakale ya suweji inali yadothi, ndipo mizu ya mtengo wa kuseri inali italowa m'malumikizidwe ake. Pa alonda awiri ndi kalaliki mmodzi inkakwanira. Tinaifukula yonse mpaka pomwe imalumikizana ndi ya mumsewu, n'kuika ya pulasitiki yotsetsereka bwino, ndi mabowo oyendera pa ngodya iliyonse. Tinamanga zimbudzi 8, zisanu za amayi popeza ndiwo ambiri, zitatu za abambo ndi pokodzera, chimodzi mwa izo chachikulu kuti wa njinga ya olumala alowe. Mabeseni osambira m'manja ali panja pa khomo, poonekera.

Madzi a m'mipopi safika tsiku lililonse, ndipo chimbudzi chogejemula chopanda madzi n'choipa kuposa cha dzenje. Tinaika mathanki awiri a malita 5,000. Limodzi limadzaza ndi madzi a mumpopi akabwera ndipo ndi la kumwa ndi kusamba m'manja. Linalo limalandira madzi a mvula a padenga ndipo ndi logejemulira basi, mapaipi ake tinawapaka utoto wofiira kuti wina asalumikize molakwika. Mjigo tinaukana. Dera la mafakitale pafupi ndi mtsinje wa Mukuvisi si malo okumba madzi akumwa popanda kuwayeza kawirikawiri, ndipo bungwe silikanakwanitsa.

Magetsi

Mawaya akale tinawachotsa onse. Chomwe chinatsala n'kuwerengera katundu. Simbi imodzi yositira imakoka mawati pafupifupi 2,000. Malo 36 aliyense ndi simbi yake ndi mawati 72,000, ndipo simbi yoiwalika pa nsalu ndiyo njira yachidule yoyatsira nyumba. N'chifukwa chake tinapanga chipinda chimodzi chositira, cha makoma a njerwa kufika m'mwamba, cha simbi 6, chokhala ndi switchi imodzi pakhomo imene wotseka nyumba amazimitsa. Simbi za makala n'zoletsedwa m'kati. Masoketi a pamalo osokera ali pa mabuleka ang'onoang'ono, moti wina akalumikiza simbi kapena ketulo mobisa, magetsi a mzere wake amathima ndipo anzake amadziwa.

Makina osokera akale a mafakitale ali ndi mota imene imazungulira nthawi yonse ngakhale munthu asakusoka. Mota zatsopano za servo zimayenda pokhapokha waponda. Tinalimbikitsa onse kusintha, ndipo oposa theka asintha. Zimenezi n'zomwe zinatheketsa sola. Anthu amakumbukira 2019, madzi atachepa ku damu la Kariba, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo telala wopanda magetsi ndi munthu wopanda ntchito. Mapanelo sitinawaike pa asibesitosi, chifukwa kukanafunika kuboola ndi kuyendapo. Tinawamangira mthunzi wachitsulo pabwalo, umene pansi pake amayi awiri amagulitsa nsima masana. Sola imayendetsa nyale ndi makina a servo okha. Simbi zimadikira magetsi a ZESA, kampani ya boma ya magetsi.

Mapepala

Graniteside ndi dera la mafakitale, ndipo kusoka kumalowa m'gulu limenelo. Koma kugulitsa kwa anthu olowa ndi kutuluka, komanso kuphika chakudya chogulitsa, ndi ntchito zina. Lamulo la Regional, Town and Country Planning Act limafuna chilolezo cha khonsolo posintha ntchito ya malo, ndipo mapulani a makomo atsopano, zimbudzi ndi suweji amayenera kuvomerezedwa ntchito isanayambe. A zaumoyo ndi ozimitsa moto nawo amayendera. Tinatsata zonsezo, ndipo ozimitsa moto anatiwonjezera zozimitsira ziwiri ndi zikwangwani zowala mumdima.

Pepala lomwe ndinalimbana nalo kwambiri ndi la lendi. Mwininyumba ankafuna pangano la chaka chimodzi. Ndinauza komiti kuti isagule ngakhale thumba limodzi la simenti, chifukwa chimbudzi ndi paipi simunyamula pochoka, ndipo nyumba ikakongola lendi imakwera kapena mumapezeka mwalowedwa m'malo. Loya wa mumpingo wina wa anthu akumudzi anatithandiza, ndipo patatha miyezi iwiri komiti ndi mwininyumba anagwirizana zaka 10, ndi kuti ndalama za suweji ndi denga zizichotsedwa pa lendi pang'onopang'ono.

Pomwe ndinalakwitsa

Kumbali imodzi nyumbayi inagundana ndi ya oyandikana nawo, ndipo madenga awiriwa amathira madzi mu ngalande imodzi yachitsulo pakati pawo. Ndinaikwera, tinachotsa masamba ndi dothi, tinamata pomwe panali dzimbiri. Koma paipi yotsitsa madzi kuchokera m'ngalandeyo inadutsa m'kati mwa khoma n'kulowa pansi, ndipo sindinaiyese ndi madzi monga ndinachitira ndi suweji. Ndinangoiyang'ana pamwamba n'kuona kuti ili pululu. Pansi inali yotsekeka ndi dothi la zaka zambiri.

Mvula yoyamba yamphamvu ya mu Novembala inagwa usiku. Ngalande inadzaza, madzi anasefukira m'kati, n'kutsikira pa mzere wa kukhoma. Atelala anayi anali atagula mipukutu ya nsalu za yunifolomu kukonzekera Januwale, nyengo imene telala amapezera ndalama za chaka. Ina inauma bwino, ina utoto unasuluka. Nditafika m'mawa ndinapeza mmodzi wa iwo, mayi wamasiye, atayanika nsalu pa waya wa mpanda. Anangoti, "Achimwene, si munati denga mwaliona?"

Ndinali nditaliona, koma osaliyesa. Ndinalipira gawo la nsaluzo kuchokera pa malipiro anga, bungwe linawonjezera. Kenako tinasiya paipi yakaleyo, tinaboola ngalande kumapeto onse awiri n'kuika mapaipi awiri akunja opita ku thanki, komanso kamlomo kotayira madzi panja ngalande ikadzaza, kotsika kuposa m'mphepete mwa m'kati. Mashelefu a nsalu a mzere umenewo tinawakweza ndi kuwasuntha kuchoka kukhoma. Chiyambire pamenepo, ngalande ya padenga iliyonse ndimaithira madzi a thanki lathunthu ndisanalole munthu kulowetsa katundu.

Momwe zilili tsopano

Malo onse 36 ali ndi anthu, ndipo pali mndandanda wa odikira. Chinthu chomwe sindinachiyembekezere n'chakuti tebulo lodulira ndi chipinda chositira, zomwe tinazipanga chifukwa cha moto ndi magetsi, zachititsa atelala kuyamba kulandira maoda akuluakulu pamodzi, a mayunifolomu a sukulu ndi a amayi a mvano, omwe mmodzi payekha sakanawakwanitsa. Ku Mbare kuli chitsanzo china cha nyumba yakale yosinthidwa ntchito, chimene ndimatengerako makomiti okayika: holo yakale ya mowa imene Moffat Takadiwa ndi anzake anaisandutsa Mbare Art Space, malo a anthu aluso.

Mavuto otsala alipo atatu. Phokoso la makina limamveka kwambiri chifukwa cha makoma afupiafupi aja, ndipo tikuyesa kupachika zotchinga zosayaka pamwamba pa mizere ya pakati. Njira yopingasa imakonda kudzaza ndi matumba a zidutswa, moti ndapezapo khomo la m'mbali litatchingidwa kawiri. Komiti yasankha munthu woyendera makomo atatu onse m'mawa uliwonse, ndipo wotchinga amalipira chindapusa. Lachitatu ndi denga. Penti tinapakayo ndi wongogulira nthawi, ndipo bungwe latsegula thumba lapadera loti chaka chilichonse tizisasula chigawo chimodzi n'kufolera malata. Zigawo zatsala zisanu. Chotsatira tichita mu Ogasiti, kukadali kouma, ndipo atelala a pansi pake adzasamukira kumalo oonetsera zovala kwa sabata imodzi.